Kwa akuluakulu a boma la Indiana: mfuti mwatilola kunyamula, nanga apolisi mwawauza chiyani?

Olemekezeka Bwanamkubwa Mike Braun, aphungu a nyumba ya malamulo ku Indianapolis, ndi inu akuluakulu a polisi m'boma lino,

Kuyambira pa 1 Julayi 2022, munthu aliyense wa zaka 18 kupita m'tsogolo, bola alibe mlandu womuletsa, atha kuyenda ndi mfuti yaing'ono muno mu Indiana popanda laisensi. Akafuna aibisa m'jekete, akafuna aipachika m'chiuno aliyense n'kumaiona. Amene anasaina lamuloli ndi bwanamkubwa wakale a Eric Holcomb, koma amene muli pampando lero ndinu, ndipo mutu ukakula sulewa nkhonya. Ndine Mmalawi wokhala ku South Bend, ndimalipira msonkho kuno, ana anga akukulira kuno, ndipo ndili ndi funso limodzi lomwe sindinamve wina wa inu akuliyankha mogwira mtima. Munthu amene mwamulola kuyenda ndi mfuti poyera akakumana ndi wapolisi amene munamuphunzitsa kuti mfuti ikaoneka imfa yayandikira, mwakonza kuti pamenepo pachitike chiyani?

Simunganene kuti simunachenjezedwe. Pamene bilu ija inkakambidwa, a Doug Carter, omwe panthawiyo anali mkulu wa Indiana State Police, osankhidwa ndi bwanamkubwa wa chipani chanu chomwe, anaimirira pamaso pa aphungu n'kunena mosapsatira kuti wovomereza bilu imeneyi asadzitche bwenzi la apolisi. Sanali munthu wodana ndi mfuti ayi. Nkhawa yawo inali ya ntchito: laisensi inkathandiza wapolisi kudziwa mwamsanga, usiku pamsewu, ngati munthu amene wamupeza ndi mfuti anafufuzidwa kale kapena ayi. Aphungu anamva, anagwedeza mitu, n'kuvota monga anali atakonzera kale.

Ndipo laisensiyo isanachotsedwe n'komwe, khoti lalikulu la Indiana linali litagamula kale mu 2017, pa mlandu wa Pinner, kuti wapolisi sangamuimitse munthu n'kuyamba kumufufuza pa chifukwa chokhacho choti wina wanena kuti ali ndi mfuti. Chigamulocho n'chomveka, pakuti chinthu chololedwa sichingakhale umboni wa mlandu. Koma taonani mbali inayo. Kuyambira 1989, pa mlandu wa Graham ndi Connor, khoti lalikulu la dziko lonse la America linati wapolisi akagwiritsa ntchito mphamvu, tiziyeza zochita zake poona zomwe wapolisi woganiza bwino akanachita pamalopo, pokumbukira kuti amasankha zochita m'kamphindi. M'makhoti, mawu amenewa asanduka khomo lotulukira. Wapolisi akanena kuti anaona mfuti ndipo anaopera moyo wake, mlandu nthawi zambiri umathera pomwepo. Ndiye boma lomwelo lapereka zilolezo ziwiri. Kwa nzika lati nyamula, ndi ufulu wako. Kwa wapolisi lati ukaiona n'kuchita mantha, womba, tidzakumvetsa. Zilolezo ziwirizi zimakakumana pamalo oimika magalimoto, m'sitolo, pakhomo la nyumba, inu kulibe.

Ndikukumbutseni za John Crawford III, chifukwa zinachitika kwa anansi athu ku Ohio, komwenso kuyenda ndi mfuti poyera n'kololedwa. Pa 5 Ogasiti 2014, mnyamata wa zaka 22 ameneyu analowa mu Walmart ya ku Beavercreek. Pashelefu anatolapo mfuti ya mpweya, zija zowombera mbalame, yomwe sitolo yomweyo inkagulitsa. Anayenda nayo pang'onopang'ono akulankhula pafoni, mpaka kukaima pomwe amaika zakudya za ziweto. Kasitomala wina anaimba 911, nambala yoitanira apolisi pangozi, kuti pali munthu wakuda akuloza anthu ndi mfuti. Kanema wa m'sitolomo, yemwe anatulutsidwa pambuyo pake, sanaonetse zimenezo. Anaonetsa munthu ataima yekha, foni kukhutu, kamfutiko kakulendewera kudzanja. Apolisi atatulukira pakona, anamuwombera asanamvetse n'komwe kuti akulankhula ndi iye. Palibe wapolisi anazengedwa mlandu. Chomwe chimandisowetsa mtendere n'chakuti ngakhale ikanakhala mfuti yeniyeni yodzaza zipolopolo, malamulo a Ohio sakanamupeza wolakwa poinyamula. Anafa akuchita chinthu chomwe boma lake linati n'chololedwa, ndi chinthu chomwe sichinali n'komwe mfuti ya zipolopolo.

Patangotha miyezi itatu, ku Cleveland, Tamir Rice wa zaka 12 anawomberedwa akusewera ndi mfuti yachidole papaki, pasanathe masekondi awiri galimoto ya polisi itaima. Woimba foni anali atanena kuti mwina mfutiyo ndi yabodza ndipo mwina ndi mwana. Mawu amenewo sanafike kwa apolisi omwe anatumidwa.

Mwina mudzati amenewo sanapeze mpata wolankhula. Philando Castile anaupeza. Anali ndi chilolezo chake cha mfuti, ankagwira ntchito kukhitchini ya sukulu ku St. Paul, Minnesota. Pa 6 Julayi 2016 anaimitsidwa pamsewu ku Falcon Heights, chibwenzi chake chili pambali, kamwana ka zaka 4 kali kumbuyo. Anachita zomwe aliyense wophunzitsa za mfuti amalangiza: anauza wapolisi mwaulemu kuti ali ndi mfuti. Wapolisi anali atamupempha kale laisensi yoyendetsera galimoto, ndiye dzanja linkapita kuthumba. Zipolopolo 7. Mu 2017 khoti linamasula wapolisiyo. Tsono mundiuze, mabwana, phunziro lomwe munthu wakuda wa mfuti yovomerezeka atengepo apa n'lotani? Akakhala chete, wabisa. Akanena, wadziitanira.

Zakunja zokhazokha, mungatero. Chabwino, tibwere kwanu ku Indianapolis. Mbandakucha wa 31 Disembala 2022, Anthony Maclin anagona m'galimoto yobwereka pakhomo pa agogo ake, mfuti ili pamiyendo. Agogowo sanaizindikire galimotoyo, anaimbira apolisi monga aliyense akanachitira. Apolisi anabwera, anagogoda pawindo, mnyamata anadzidzimuka kutulo, zipolopolo zinavumba agogo ake akuona. Mwamwayi anapulumuka, atachitidwa maopaleshoni angapo. Lamulo lanu linali litangotha miyezi 6 likugwira ntchito. Palibe chomwe chinkamuletsa kukhala ndi mfuti m'galimotomo, ndipo palibe munthu padziko amene amadzuka kutulo manja ali m'mwamba.

Ndikudziwa dzina lomwe mulitchule, ndipo ndiliyamba ndine. Pa 17 Julayi 2022, lamulo lili ndi masabata awiri okha, munthu wina anayamba kuwombera anthu pamalo odyera mu Greenwood Park Mall. Anapha atatu. Elisjsha Dicken wa zaka 22, yemwe anali ndi mfuti m'chiuno, anamugwetsa pasanathe masekondi 15. Anapulumutsa anthu ambiri, ndipo wonena kuti zimenezo n'zachabe ndi wabodza. Ine ndimamulemekeza mnyamata ameneyo. Koma pafunika kunena zonse. Dicken anamaliza ntchito yake apolisi asanafike. Chaka chimodzi m'mbuyo mwake, pa 21 Juni 2021, ku Arvada, Colorado, Johnny Hurley anachita zofanana: anathamangira komwe kunkamveka mfuti, napha munthu yemwe anali atangopha wapolisi Gordon Beesley. Kenako anatola mfuti ya chigawengacho. Wapolisi wina atasuzumira anaona munthu ataima ndi mfuti yaikulu, namuwombera. Hurley anali mzungu. Kusiyana kwa ngwazi yolandira ulemu ndi ngwazi yolowa m'bokosi kunali nthawi yomwe wapolisi anatulukira.

Ndatchula dala kuti anali mzungu, kuti musaganize kuti ili ndi dandaulo la anthu akuda okha. Koma sindinamizira kuti katunduyu tasenza mofanana. Mu Novembala 2018 mokha, Jemel Roberson, mlonda wa pamalo omwera mowa ku Robbins, Illinois, anaphedwa ndi wapolisi atagwira munthu yemwe ankawombera anthu, anthu akufuula kuti ameneyo ndi mlonda. Masiku 11 pambuyo pake, Emantic Bradford Jr. wa zaka 21 anawomberedwa kumsana mu msika wa Riverchase Galleria ku Hoover, Alabama, atatulutsa mfuti yake pomwe wina anayamba kuwombera. Apolisi anayamba alengeza kuti apha chigawenga, n'kudzabweza mawu mawa lake. Onse awiri anali akuda, ndipo pa onse awiri palibe anazengedwa mlandu. Yerekezani ndi Epulo 2020, pomwe amuna onyamula mfuti zazikulu anadzaza m'nyumba ya malamulo ku Lansing, Michigan, kukalipira apolisi kumaso, n'kubwerera kwawo onse osakandika. Nyuzipepala ya Washington Post inayamba kuwerenga mu 2015 anthu owomberedwa ndi apolisi mpaka kufa, ndipo chaka ndi chaka chiwerengero chinkazungulira pa 1,000, anthu akuda akufa pa mlingo woposa kuwirikiza kawiri wa azungu. Mbiri nayo siiwala. Mu 1967 a Black Panther, gulu lomenyera ufulu wa anthu akuda, atayenda ndi mfuti poyera mpaka kulowa m'nyumba ya malamulo ku Sacramento, boma la California linaletsa mchitidwewu m'miyezi yochepa, ndipo anasaina ndi Ronald Reagan, yemwe panthawiyo anali bwanamkubwa wa bomalo. Ufuluwu umaoneka kuti umakoma malinga ndi amene waunyamula.

Ife Amalawi a kuno ambiri sitisunga mfuti. Tinakulira komwe mfuti umaiona ndi msilikali, wapolisi wa pa rodibuloko, kapena mlenje wokalamba wa gogodera. Ena mwa ife, omwe ali pa viza ya sukulu kapena yochezera, malamulo a dziko lino nthawi zambiri sawalola kukhala nayo. Sindikunena izi modzitama kuti kwathu n'kwabwino. Pa 20 Julayi 2011 ndi tsiku lotsatira, anthu 20 anafa pa zionetsero ku Malawi, ambiri ndi zipolopolo za apolisi, ndipo analibe mfuti. Ndikungofuna mudziwe kuti lamulo lanu likukhudzanso ife osanyamula, chifukwa wapolisi akaganiza kuti aliyense ali nayo, ndiye kuti ine ndili nayo, mwana wanga ali nayo, foni yanga ndi mfuti, chikwama changa ndi mfuti. Amadou Diallo wa ku Guinea anaphedwa ndi apolisi omwe anawombera zipolopolo 41 ku New York mu 1999 atatulutsa chikwama cha ndalama. Ife obwera timaonjezerapo vuto lina: lilime. Wapolisi akakuwa mothamanga, mawu atatu nthawi imodzi, munthu yemwe wangofika kumene amayamba wayandikira kuti amve bwino, kapena kutuluka m'galimoto mwaulemu monga timachitira kwathu. Kuno ulemu umenewo ungakuphetse.

Ambiri mwa ife timagwira ntchito zosamalira okalamba ndi odwala, ndipo timaweruka usiku. Tsiku lina ndikuchokera kuntchito, nyali za buluu ndi zofiira zinayaka kumbuyo kwanga. Ndinaima, ndinayatsa getsi la m'kati, ndinatsitsa mawindo onse ngakhale kunja kunali chisanu choluma, manja onse pa chiwongolero, zala zotambasula. Pagalasi ndinkamuona akubwera cham'mbali, dzanja limodzi likukhudza kumbuyo kwa galimoto, linalo lili pa mfuti. Atafika pawindo ndinaona kuti ndi mwana, msinkhu wa mphwanga. Funso lake loyamba silinali la laisensi. Anafunsa ngati m'galimotomo muli chida. Ndinati ayi. Ndinamupempha chilolezo chotsegula kabokosi ka mapepala, n'kumuuza dzanja lomwe ndigwiritse ntchito, n'kulisuntha ngati la munthu wodwala nyamakazi. Tochi yake inatsatira dzanjalo mpaka kubwerera. Nkhani yonse inali ya getsi limodzi lakumbuyo lomwe linali litapsa. Anandilankhula bwino, sanandilembe n'komwe. Koma pobweza mapepala ndinaona kuti mpweya wake ukutuluka mothamanga ngati wanga. Anthu awiri osalakwirana kanthu, aliyense akuopa kuti mnzake amupha chifukwa cha babu la madola ochepa. Mantha amenewo sanawalenge iye, sindinawalenge ine.

N'chifukwa chake sindikulemba ngati mdani wa apolisi. Lamuloli lawaika iwonso pamoto. Pa 7 Julayi 2016 ku Dallas, pomwe munthu wina anapha apolisi 5 pa zionetsero, m'khamulo munali anthu angapo omwe ankayenda ndi mfuti zazikulu movomerezeka. Zipolopolo zitayamba onse anathawa ndi mfuti zawo, ndipo mkulu wa polisi wa mzindawo, a David Brown, anadandaula poyera kuti zinali zovuta kusiyanitsa wabwino ndi woipa. Chithunzi cha munthu wina wosalakwa, yemwe anali ndi mfuti paphewa, chinafalitsidwa dziko lonse ngati woganiziridwa. Ku Colorado Springs mu Okutobala 2015 zinatembenuka: mayi wina anaimba 911 ataona mnansi wake akuyenda ndi mfuti yaikulu, wolandira foni n'kuyamba kumufotokozera kuti kuyenda ndi mfuti poyera n'kololedwa. Patapita mphindi zochepa bamboyo anapha anthu atatu. Wapolisi akafulumira apha wosalakwa, akachedwa wolakwa apha. Ofufuza a ku Harvard, motsogozedwa ndi David Hemenway, anapeza kuti m'maboma momwe mabanja ambiri ali ndi mfuti, apolisi amaphanso anthu ambiri powombera, ndipo kafukufuku wina anapeza kuti m'maboma omwewo apolisi nawonso amaphedwa kwambiri. Sizodabwitsa.

Ndikanakonda laisensi ibwerere, ndipo sindibisa. Sinkalanda munthu mfuti, inkangofuna kuti boma lidziwe kuti wonyamulayo si woletsedwa. Koma ndimawerenga nkhani, ndikudziwa kuchuluka kwa mavoti m'nyumba yanu, ndipo ndinaona zomwe zinachitika mu 2023 pamene khonsolo ya Indianapolis inavomereza malamulo ake okhwimitsa, omwe mpaka lero ndi pepala chabe chifukwa lamulo lanu la 2011 limaletsa mizinda kudzipangira malamulo a mfuti. Ndiye ngati mwatsimikiza kuti mfuti ziziyenda m'misewu, malizitsani ntchito yomwe munaisiya pakati.

Yambirani pa foni ya 911, chifukwa imfa zambiri mwa zomwe ndatchulazi zinayambira pamenepo. Wolandira foni azifunsa chomwe munthuyo akuchita ndi mfutiyo, osati kungoti ali nayo: yalozedwa kwa munthu, ili m'chiuno, wawopseza wina? Ndipo mawu onse a woimbayo, kuphatikizapo "mwina ndi chidole" kapena "mwina ndi mwana", azifika kwa wapolisi asanatsike m'galimoto. Wonama dala kuti mnzake akuloza anthu ndi mfuti aziyankha mlandu wolingana ndi zotsatira zake.

Kenako ku Plainfield, kusukulu yanu ya apolisi. Mu 2021 munachita bwino kukhazikitsa lamulo loti apolisi aziphunzira kuziziritsa mkangano, ndi loti wozimitsa kamera ya pachifuwa pofuna kubisa cholakwa azilangidwa. Zinafika mochedwa kwa ife a ku South Bend, komwe mu Juni 2019 Eric Logan anawomberedwa kamera ili yosajambula ndipo mzinda unagawanika pa nkhani yomwe palibe anaiona, komabe zinafika. Tsopano lembani m'malamulo, osati m'kabuku ka malangizo, kuti kuona mfuti pa munthu si chifukwa chokwanira chomuwombera. Wapolisi aziphunzitsidwa kuima patali, kubisala kuseri kwa galimoto, kudzitchula, kupereka lamulo limodzi lomveka kuchokera pakamwa pamodzi, n'kupatsa munthu nthawi yoti alimve. Munthu wogona m'galimoto atha kudzutsidwa ndi chimkuzamawu muli patali. Khoti lalikulu la America lenilenilo linagamula mu Meyi 2025, pa mlandu wa Barnes ndi Felix, kuti makhoti asamangoyang'ana sekondi yomwe mfuti inalira koma zonse zomwe zinatsogolera kumeneko. Oweruza onse 9 anagwirizana. Maphunziro anu atsatire chigamulo chimenechi nthawi isanathe.

Wonyamula mfuti nayenso muuzeni chochita. Panopa munthu wa zaka 18 atha kuyenda nayo osaphunzirapo ngakhale ola limodzi. Muno mu Indiana palibe lamulo lomukakamiza kuuza wapolisi kuti ali nayo, koma akangoyenda mphindi zochepa kumpoto n'kulowa Michigan, kupita ku Niles kapena ku Berrien Springs komwe ambiri mwa ife timakapemphera ndi kukaona abale, malamulo ndi ena: kumeneko kubisa mfuti kumafuna laisensi, ndipo wapolisi akakuimitsa uyenera kunena pomwepo. Ndani akuwauza anyamata zimenezi? Ikani tsamba m'buku lophunzirira kuyendetsa galimoto, m'zilankhulo zomwe anthu a muno amalankhula, lonena mawu enieni oti munthu anene ndi komwe aike manja, ndipo apolisi aphunzitsidwe mawu omwewo, kuti zomwe anachita Castile zikhale njira yodziwika mbali zonse.

Chinanso n'chakuti wapolisi akawombera munthu, asamafufuzidwe ndi anzake omwe amadya nawo nkhomaliro, kapena ndi loya wa boma yemwe amadalira apolisi omwewo pa milandu yake ya tsiku ndi tsiku. Ofufuza azichokera kunja nthawi zonse, popanda kudikira kuti anthu ayambe ayenda mumsewu ndi zikwangwani. Ndipo chaka chilichonse mutiuze poyera: anthu angati awomberedwa ndi apolisi mu Indiana, angati anali ndi mfuti movomerezeka, angati anailoza, anali a mtundu wanji. Munatiuza kuti lamulo la 2022 silibweretsa vuto. Tionetseni manambala.

Ndinapitako kunyumba yanu ya malamulo ndi ana a sukulu. Pakhomo tinavula malamba, tinakhuthula m'matumba, tinadutsa pa makina ofufuza zitsulo. Mlendo saloledwa kulowa ndi mfuti m'menemo, ngakhale aphungu ndi antchito awo munadzipatsa chilolezo. Sindikukudzudzulani pa zimenezo. Mukudziwa bwino kuti alonda anu sangagwire ntchito ngati aliyense wolowa ali ndi mfuti m'chiuno ndipo iwo akungolota kuti wabwino ndi uti. Wapolisi wa zaka 24 yemwe ali yekha pamsewu wa US 31 pakati pa usiku mwamuuza kuti alote. Nyumba ya malamulo ikakumananso mu Januwale, ndikupempha kuti komiti yoona za chitetezo cha anthu iitane akuluakulu a polisi, olandira mafoni a 911, ndi mabanja a omwe anawomberedwa, akhale m'chipinda chimodzi, ndipo tsiku lake mulilengeze msanga kuti ife ogwira ntchito usiku tipemphe tchuthi tibwere.

Ine wanu,
Mmalawi wokhala ku South Bend, Indiana